Thanki Yofiira ndi Mzime Wathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno ndilipo. Ndimadzuka, ndimapita ku garaja, ndimabwerako. Khutu lakumanzere lokha ndi lomwe likulira ngati mwalowa njuchi.

Uthenga wanu wondikumbutsa za ntchito ya mzime wathu ndinaulandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa kuno kunagwa zovuta.

Ku garaja kwathu kuli kompuresa, makina opopa mpweya n'kuusunga m'thanki yachitsulo. Mpweyawo ndi umene timapopera matayala, inenso ndi womwe ndimathirira penti pa magalimoto. Mpweya ukapanikizika umachita thukuta, madziwo n'kumadikha m'thankimo. Kunsi kwake kuli kampopi kofunika kutsegula poweruka kuti madzi atuluke. Ife sitinkatsegula, poti mpweya umathawira pomwepo. Magetsi kuno amathima mmene afunira, ndiye tinkasiya thanki ili yodzaza kuti m'mawa tipeze mpweya wogwirira ntchito. Wogwira kampopiko ankaoneka ngati wotaya chakudya. Tonse tinkati ndi nzeru, kuyambira abwana.

Dzimbiri linadya thanki kuchokera m'kati, kunja ikuwala bwinobwino. Mwezi wathawu inaphulika. Amene anali pafupi ndi mkulu womata matayala, tinkawatchula kuti Ankolo. Anali atagwada, akufufuza pobowoka chubu m'beseni la madzi. Ine ndinali kuseri kwa lole, ndikusakaniza penti. Ankolo anatsirizikira m'njira yopita kuchipatala. Asiya ana ang'onoang'ono.

Achemwali, sindinalire. Kumaliro ndinanyamula nawo bokosi, ndinadya, ndinabwerako. Mawa lake ndinasesa pamalopo n'kutola masipanala awo. Mpaka lero mumtima muli zii, ngati mwendo wochita dzanzi.

Abwana anagula thanki ina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Anati ndi yolimba, yangosowa kusamba. Anandipatsa penti yofiira ndipo ndinaipenta ndine. Kunena zoona yatchena, mukanaiona mukanati ikupita ku ukwati.

Tsopano ndimatsegula kampopi tsiku lililonse, palibenso wondiletsa. Ndimathimitsa makina, ndimagwada, ndimapotokola pang'onopang'ono. Madzi amatuluka oderako ngati tiyi, muli tizibenthu ta dzimbiri. Ndimatitola n'kumatiyang'ana m'dzanja. Chimenecho ndi chitsulo cha thankiyo, chikutha. Nditawaonetsa abwana anati ndiye kuti m'kati mukuyera. Ndikagogoda kunsi kwake ndi sipanala imalira mofooka, koma mwina ndi khutu langali.

Pamalo pa Ankolo palibe munthu. Abwana akumbukira kuti ndinawapemphapo za mng'ono wanga, ndipo ati abwere msanga, kumata matayala aphunzirira konkuno. Pogwirira pake ndi pomwepo, pambali pa thanki, chifukwa paipi ya mpweya ndi yaifupi. Dalaivala wa lole uja amabwera kwanuko anamva abwana akunena zimenezi, ndiye ndikhulupirira kuti nkhani yafika kale ndipo mwanayo wachapa chikwama.

Pempho langa ndi limodzi. Musamutumize.

Za ngoziyi musawauze amayi. Angayambe kusala kudya n'kumandiitanitsa, pamene ine kosiyira ntchito ndilibe. Mzimeyonso musamuuze, pakamwa pake sipasunga kanthu, dzuwa lisanalowe amayi adzakhala atamva. Mungomuuza kuti ndakana ndine.

Ndikumudziwa. Anena kuti achimwene ndi akaduka, adya okha m'tauni, safuna kuti wina aone kuwala. Auza aliyense wofuna kumva, ndipo sandiyankhulanso. Ndaziganizira zonsezi ndipo sizikundipweteka, palibe chikundipweteka masiku ano. Ine ndimagwirira kuseri, pali khoma. Iye akanamagwada pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuimba nyimbo zake zija. Kuli bwino azidana nane ali kwanuko kusiyana n'kuti ndimubweretse ndekha pa lole ali m'bokosi.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Mzime wathuyo mumupatsenso moni wanga. Akaukana musamukakamize.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Kachete