Mizu ya ku Ngong

Lolemba, 9 Malichi 1998

Amalume aMedson mawondo atupanso. Nyamakazi. Anzawo aJobe abwera kuno ku Pangani, kumene timakhala, ndi mizu m'pepala la shuga. Akuti ndi mpambulu womwe uja wa kwathu ku Ntcheu, aukumba m'miyala kuseri kwa mapiri a Ngong. Ayanika pakhonde, aphika Lamulungu. Ndinapempha kuona masamba ake. AJobe kuseka: "Mankhwala ali pansi, mwanangu. Masamba n'ambuzi."

Lachitatu, 11 Malichi

Mtima suli m'malo. M'kalasi ya zomera tinaphunzira kuti kuno kuli chitsamba china, Akikuyu amati murichu. Sichiyoyola masamba, utomoni woyera, timaluwa tonunkhira. Mpambulu weniweni ukachiona patali. Koma n'chiphe, kale ankapaka ku mivi. Mpambulu uli ndi minga, icho chilibe. Nanga muzu wouma ungaonetse minga?

Ndawauza amalume. "Rosina, chaka chimodzi pa yunivesite wayamba kuphunzitsa aJobe mitengo?" Ndinangozyolika. Ndimadya zawo, ndimagona pawo. Koma nkhaniyi sindiisiya.

Lachisanu, 13 Malichi

Ndajomba kalasi. Ku Industrial Area, kugalaja kwa aJobe. Ndinagwada bwinobwino, n'kunena kuti ndikufuna masamba a mpambulu a kusukulu. Anakondwa mpaka kundigulira tiyi. Akuti ndikafika ku Ngong ndikadutse pamene amaswa miyala, nditsate kanjira ka mbuzi. Ine pakamwa mawu okoma, mumtima zina.

Loweruka, 14 Malichi

Minibasi, kuno amati matatu, kenako wapansi. Dzuwa loswa mtengo, miyala kuotcha m'nsapato. Dzenje lomwe aJobe anakumba ndalipeza, dothi lidakali lofiira. Ndinapisa dzanja m'nthambi za chitsamba chokumbidwacho, mumtima ndikupempha kuti chindibaye. Ndinapisanso mpaka m'chigongono. Osabaya. Mpambulu uli pafupi pomwepo, wandikala dzanja lonseli. AJobe anangosankha posalasa, pokumbika bwino. Ndathyola nthambi za zonse ziwiri.

Lamulungu, 15 Malichi

Pochokera kutchalitchi mphika uli kale pamoto, aJobe akuvundula. Ndinayala nthambi zija patebulo, kufotokoza zonse. Amalume osayang'ana n'komwe. "Chotsa zinyalalazo, utenge kapu." Kapu sindinatenge. Ndinanyamula mphika wonse ndi kansalu, ulendo ku ngalande ya kuseri, khuthu! Mizu yotsala ndinatenthera pa mbaula. AJobe anavala chipewa n'kutuluka osatsanzika. Chibadwire sindinachitepo mwano wotere kwa munthu wamkulu. Ndalira. Koma atati abweretse ina mawa, ndikhuthulanso.

Lachiwiri, 17 Malichi

Amalume sakundilankhula. Ndikati mwadzuka bwanji, amayankha khoma. Akuti alembera amayi kumudzi kuti ndalowa chizungu. Alembe. Pano ndikuwamva akutsika masitepe pang'onopang'ono, akutukwana mawondo awo. Atukwane mpaka chaka chithe, ine ndizimvetsera.