Tsiku limene ndinaphunzitsa kalasi ya Misozi

Mwana wanga Dominiko,

Ndine atate ako, Zuze, wa zaka 76. Kuno ku Kavalamanja tili bwino, maondo okha ndiwo avuta. Kaya inu ku Kitwe?

Lachitatu aphunzitsi a mwana wako Misozi anandiitana kusukulu. Ana anali kuphunzira liwu la Chizungu lakuti "move", ndiye anafuna munthu wa pamtsinje awauze mayendedwe a bwato. Iwe, ndinaopa kumuchititsa manyazi Misozi, ine wosagwirapo choko. Koma ndinayamba pang'onopang'ono: kupalasa, kuwolokera ku Zumbo, kutsika ndi madzi, kukocheza. Aphunzitsi analemba zonse pansi pa liwu lawo limodzi lija, mpaka bolodi linadzaza. Misozi anaimirira nati, "Awa ndi ambuye anga!"

Mulungu akusungeni nonse. Undilembere msanga, ndidziwe kuti wamva.