Kakapu ka Mofini

Lachiwiri, 4 Juni

Lemba bwino, mzime wanga, usadumphe mawu. Ana anga ndi awa. Woyamba, mphunzitsi wamkulu wa sekondale. Wachiwiri, Kamfuti, lero ali ndi malole akeake. Wachitatu, mkazi, loya. Onsewa ndinawaphunzitsa ndi nyundo, kukhoma zidebe, ine wosatha kulemba ngakhale dzina langa. Wachinayi ndi iwe ukulembawe. Basi, pitiriza.

Dzulo anandichotsa chidutswa cha phapo lakumanja. Paipi m'nthiti. Ndikapuma, ngati wina akundidula ndi sizasi ya malata. Anesi abwera ndi kakapu, akuti mofini, wochepetsa ululu. Ndakana. Mankhwala omwewa anawapatsa mayi ako, sabata isanathe tinawaika m'manda.

Lachitatu, 5 Juni

Anesi andifunsa kuti ululu wafika pati, kuyambira ziro mpaka teni. Ndati thuu. Ndikanena zoona abwera nako kakapu.

Mayi wophunzitsa kupuma wandipatsa pilo kuti ndikumbatire, nditsokomole. "Agogo, makhololo akakhazikika m'chifuwamo, chibayo chikupezani." Ndayesa kamodzi. M'maso mdima bii. Sindiyesanso.

Pabedi loyandikana pali mwamuna wong'ambidwa ngati ine. Ndamutcha Wailesi, pakamwa sipatsekeka. Kakapu kake amamwa mpaka kunyambita. "Achikulire, imwani, mowa waulere uwu!" Ndamumvera chisoni. Sakudziwa.

Lachisanu, 7 Juni

Thupi moto. Mpweya ukuthera pakhosi. M'chifuwa mukulira ngati chidebe chothetheka. Mphunzitsi waimba foni, ndamuuza kuti ndili gwa. Loya watumiza zipatso, zili pompo.

Bedi la Wailesi lilibe munthu. Ayalapo nsalu zatsopano. Ndinanena ine.

Ndikamwa, ndipita. Ndikapanda kutsokomola, akuti ndipitanso. Ndikuopa, mwanawe. Mawu amenewa sunawamvepo pakamwa panga, koma lemba. Uuze abale ako abwere msanga. Nyundo yanga atenge Kamfuti. Usalire, ukunyowetsa pepala.

Loweruka, 8 Juni

Wailesi uja! Dzulo masana ndinangoona watulukira pakhomo, akuyenda yekha, paipi atamuchotsa, chikwama kumanja. Akupita kwawo. "Achikulire, mwandiyang'ana ngati mzukwa bwanji? Malo ndakusiyirani, koma musawakonde."

Lero adokotala, mtsikana msinkhu wa loya wanga, akhala m'mphepete mwa bedi. "Bambo, mayi aja sanaphedwe ndi mofini. Matenda anali atafika kale patali, mankhwala anangowachepetsera ululu. Inu chimene chingakupheni ndi kusatsokomolaku."

Za mayi ako anazidziwa bwanji? Usayang'ane pansi, iwe. Ndikufunsa.

Ndamwa. Kuwawa kwake! Koma ndameza wonse. Ndagwira dzanja lako n'kumadikira. Ndikagona, uzindiyang'ana pachifuwa ngati pakukwera ndi kutsika. Usachoke.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndilipo. Chibayo chinalowadi, masiku apitawa sindikuwakumbuka bwino. Majakisoni, mkono wonse mabala. Tsopano ndimamwa, ndidikire pang'ono, pilo pabala, iwe kundichirikiza kumsana, ndiye nditsokomole. Zotulukazo sitilemba. Anesi akafunsa ndimanena nambala yeniyeni. Lero faifi. Ndayenda mpaka pawindo.

Mantha sanathe. Chidutswa chija anakachiyeza, yankho silinabwere. Ndipo ndikaona kakapu ndimaonabe nkhope ya mayi ako. Zaka zonsezi ndinkati anesi a nthawi ija anandiphera mkazi, pamsewu sindinkawapatsa moni.

Bwerera patsamba loyamba. Pamene ndinati "basi, pitiriza", fufuta. Lemba kuti: wachinayi, amene anagona pansi pa bedi langa sabata yathunthu, n'kukandineneza kwa adokotala. Lemba momwemo. Usaseke, ukandiseketsa zimapweteka.

Abale ako uwauze asathamange, ndipo nyundo yanga asaigwire munthu. Kaya yankho likhale lotani, tikakumana tonse kunyumba kwanga Loweruka, pa 29 Juni.