Kodi amayi akundimva m'chipindamo?

Aphungu,

Pepani ngati pena ndalakwitsa. Sukulu ndinalekera kupulayimale, koma kalatayi ndailemba katatu kuti imveke. Ndili ndi zaka 22. Amayi anga anatisiya mu Febuluwale. Mwambo wa maliro udzachitika tikakolola mpunga, abale akadzasonkhana komanso njati zoweta zopha pamwambowo zikadzapezeka. Pakadali pano amayiwo agona m'nyumba mwathu, m'chipinda chakumwera, ndipo monga timachitira ife a mtundu wa Atoraja, sitinena kuti amwalira, timati akudwala. M'mawa uliwonse ndimawapititsira mpunga ndi khofi, n'kumawalankhula.

Pali chimene sindinauzepo munthu. M'mawa womaliza anandiitana kawiri ine ndikudyetsa nkhumba. Ndinayankha mokalipa kuti, "Tadikirani kaye, simukuona kuti ndatanganidwa?" Polowa ndinapeza atapita. N'chifukwa chake ndikatula mbale ndimati, "Amayi, ndikhululukireni."

Sabata yatha kunabwera achimwene anga a Marthen, amene amagwira ntchito ku Makassar. Atandiona ndi mbale anati, "Iwe, nyererezi uzidyetsa mpaka liti? Katsegule Mlaliki 9:5, akufa sadziwa kanthu!" Ndinatsegula, ndipo zilimodi. Koma abusa atabwera kudzapemphera anawerenga Luka 23:43, pamene Yesu analonjeza wachifwamba uja kuti tsiku lomwelo akakhala naye m'Paradaiso. Munthu wosadziwa kanthu angakhale bwanji m'Paradaiso? Baibulo ndi limodzi, nanga likunena pawiri bwanji? Abusa ndikuopa kuwafunsa. Kodi amayi akundimva, kapena miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikupepesa khoma?

D.T., Makale

Mwanawe D.T.,

Pepa ndithu. Achimwene ako anaima pa vesi 5, iwe upitirize mpaka vesi 6. Likunena kuti akufa alibenso gawo pa zochitika pansi pano. Mlaliki akukamba za mbali ino: minda, nkhumba, mikangano ya pakhomo. Luka akukamba za mbali inayo, kwa Ambuye. Umu ndi mmene Akhristu ambiri timamvera, ndipo mavesiwa sakukangana.

Ndikuuze mosabisa: palibe vesi lolonjeza kuti amayi akukumva m'chipindamo. Koma Yesu amene ali nawo amamva. Kupepesa kwako ukupereke kwa Iye ndi mtima wonse, ukhulupirire kuti kwafika. Mayi amene anakulera zaka zonsezi sangakuweruze ndi mawu a m'mawa umodzi.

Mbale ija usachite nayo manyazi, ndi ulemu wakwathu. Achimwene uwauze zimene wandiuzazi asanabwerere kuntchito. Mwina kukalipa kwawo ndi kulira kwa munthu amene kunalibe tsikulo. Abusanso ukawafunse, ngati manyazi akukugwira, upite ndi azakhali ako.

Koma chenjera. Usamaime m'chipindamo kudikira yankho. Silibwera, ndipo kukhala chete kwawoko udzayamba kuganiza kuti ndi mkwiyo. Amayi sanakwiye, mwanawe. Akupuma.