Mafomu Oyera a Wajasi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwavutabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Paja ndinakuuzani kuti chaka chomaliza chino aliyense ayenera kuchita kafukufuku asanalandire digiri. Anatiika awiriawiri. Tsoka langa, anandiphatikiza ndi mnyamata wina amene timangomutcha Wajasi, chifukwa jasi loyera la mu labotale salivula ngakhale kodyera. Akakwera nalo basi anthu amamupatsa mpando poyesa ndi dokotala, iye n'kukhaladi, manyazi alibe. Munthu woti akaona magazi amafuna pogwira!

Ntchito yathu inali yoyeza kuthamanga kwa magazi kwa azimayi ogulitsa mumsika, aliyense azimayi 60. Koleji inatibwereka makina amodzi okha, choncho tinagwirizana kuti ndiyambe ine, iye adzatenge sabata yotsatira. Ndinapsa ndi dzuwa, Achimwene. Ena ankandithamangitsa kuti ndikuwatchingira makasitomala, ena ankafuna ndiwapatse mankhwala pompo. Mafomu anga ali ndi madontho a mafuta, ena ananyowa ndi madzi owaza masamba.

Lolemba lapitali Wajasi anabwera ndi mafomu ake onse 60, oyera mbee, opanda ndi khwinya lomwe. Komatu makina aja sanabwere kudzatenga. Sabata yonseyo makinawo anali m'sutikesi yanga kunsi kwa bedi, kiyi ili m'khosi mwanga.

Nditamufunsa kuti anayezera chiyani, anaseka n'kunena kuti ndisiye chibwana, manambala a azimayi akumsika amadziwika kale. Anangowalemba ali chigonere pabedi pake. Ndiye taonani uchitsiru wake: azimayi ake onse ali bwinobwino! Pamene mwa anga, 19 ndinawatumiza kuchipatala, mmodzi tsiku lomwelo atandiuza kuti maso akuchita chidima. Tikaphatikiza mafomu athu, lipoti lidzanena kuti vutoli ndi laling'ono mumsika muja. Ameneyu ndiye mawa akagwire mkono wa mayi wa munthu? Amandinyansa, ngakhale kungomva nsapato zake pakhonde.

Lipotilo limafuna tisaine tonse awiri. Ine ndinakana, n'kukawauza aphunzitsi otiyang'anira. Iwo anandiyang'ana ngati ndawasokoneza tulo. Akuti nkhaniyi ikapita ku komiti lipoti lonse liimitsidwa, ndi mbali yanga yomwe, ndipo komitiyo sikhala pansi mpaka mwambo wa madigiri utadutsa. Andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndiganize bwino. Kuganiza bwino kwakeko ndikukudziwa: ndisaine, tonse tivale magauni, iwo asavutike ndi misonkhano. Munthu wamkulu, wa madigiri atatu, mantha ake n'kukhala a msonkhano! Wajasi naye wayamba kundipatsa moni mano onse ali pamtunda.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti bambo auza kale mpingo wonse ndi anzawo akuntchito kuti mwana wawo amaliza chaka chino, ndipo suti yawo ili kale kwa telala. Pitani mukakhale nawo pansi muwafotokozere zonsezi bwinobwino, inu amakumverani. Koma chonde musawalole andiimbire foni mwezi uno usanathe. Wajasi sindimuopa, aphunzitsi aja sindiwaopa, koma ndikangomva mawu a bambo akundifunsa kuti bwanji mwana wanga, ndisaina basi. Ndikudzidziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Bambo muwauze kuti moni wawo ndidzawapatsa ndekha mwezi ukatha, ngati adzafune kuulandira.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa pakhomo