Chiwayilesi Chako Chaletsa Nkhuku Kuikira

Taufiq mphwanga,

Nkhuku zanga zasiya kuikira, ndipo mlandu ndi wako. Chiwayilesi choopsezera mbalame chija unatumizira mkazi wako Nasima kuchokera ku Joni chikumalira m'mapira mwake tsiku lonse ngati ambulansi. Mpheta zinachizolowera, mpaka zikumatera pamwamba pake. Zimene zikuvutika ndi nkhuku zanga. Yofungatira ija inathawa, mazira onse asukusa.

Landira moni, kuno tiliko. Kungoti azakhali ako chibwerereni kuchipatala, chimene akumeza ndi dzira lokha. Zinazo si zonena papepala.

Zokagwada kwa mpongozi wanga Nasimayo ine ayi, ndi moni yemwe tinasiya kupatsana. Sukulu sindinaipondeko, koma mbalame ndapirikitsa ndi chitini mpaka imvi izi.

Taufiq, umuimbire Nasima lero lomwe, achizimitse.

Ndine mjomba wako,
Che Sharif