Thumba Lofiira

Lolemba, 4 Meyi
Ndabwerako. Miyezi iwiri kumalo a mliri, fungo la mankhwala likadali m'mphuno. Lamulo ndinalemba ndine: wochokera kumeneko asakhudzane ndi munthu kwa masabata atatu. Ndiye ndili m'chipinda cha alendo, mbale yangayanga, kapu yangayanga. Amayi kundilonjera ali pakhomo, manja kumbuyo ngati mwana wolakwa. Ng'anjo ya ku yunivesite ndaipeza yokhoma. Thumba lofiira la zovala zoti ziwotchedwe ndaika m'galaja, mpaka mawa.

Lachiwiri, 5 Meyi
Kudzuka dzuwa litakwera. Pachingwe: malaya, masokosi, zonse za m'thumba lija. Amayi achapa ndi manja. "Nsalu zabwinobwino kuwotcha? Sukulu yakuzunguza mutu iwe." Ndawakalipira mpaka mawu kusasa. Pachala ali ndi bala la mpeni. Tulo tangati ndi timene tandipachika.

Lachisanu, 8 Meyi
Kuntchito ndinanena za thumba lija. Tsopano oyang'aniridwa tilipo awiri, aliyense chipinda chake. Amayi amadziyeza okha kutentha thupi n'kundikuwira nambala. Choyezeracho akuti "kapolisi kako."
Mkulu wa dipatimenti waimba foni: upulofesa watheka. Zaka zonsezi kuulakalaka, lero uli zii m'kamwa. Amayi avina m'khonde.

Lachitatu, 13 Meyi
Ine bwinobwino. Iwo mutu pang'ono, akuti ndi ukalamba basi. Nambala zawo zabwino kwambiri, mpaka kukayikitsa. M'kafukufuku wanga, okalamba amene anadwala, ambiri sanabwerere kwawo. Ndinkazinena m'misonkhano, anthu n'kumaomba m'manja. Ndikuopa.

Loweruka, 16 Meyi
Ndasuzumira pazenera lawo. Kapolisi kali m'kapu ya madzi. Amakaviika m'menemo, osati m'kamwa. Kuyambira liti? Maso ofiira, chakudya cha dzulo chili pomwepo. "Sindinkafuna kukuchititsa manyazi kuntchito, mwanangu."
Ndaimba foni. Amene akubwera kudzawatenga ndi ana a m'kalasi mwanga. Ndinawaphunzitsa ndekha kuti asamamvere kulira kwa achibale.
Amayi avala diresi imene anasungira mwambo wa upulofesa. Ali pabedi, kachikwama pamiyendo. Ndinalowa, ndinatambasula dzanja. Anasendera kukhoma. "Ayi. Lamulo ndi lako lomwe."
Galimoto yaima pageti.